Mafunso a Owerenga: Ulimi wa maluwa odula ku Mangochi, kumapiri ndi kunyanja

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo onse akukhudza maluwa olimidwa kuti adulidwe ndi kugulitsidwa pa maukwati, m'matchalitchi ndi m'malo ogona alendo. Ayankha ndi alangizi athu a ulimi wa m'dimba pamodzi ndi akatswiri okonza maluwa.

Funso: Ndili ndi dimba la masamba pafupi ndi Namwera. Okongoletsa maukwati ku boma amaitanitsa maluwa ku Blantyre, ena amangoika a pulasitiki. Koma kuno nyengo ndi yosadalirika: m'mawa nkhungu, masana dzuwa, madzulo chimphepo chozizira. Ndingayambe ndi maluwa ati, nanga ndidzale liti?
Mayi a ku Namwera

Yankho: Mayi, kuzizira mukudandaulako ndiye mwayi wanu. Boma la Mangochi lili ndi madera awiri a nyengo zosiyana. M'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire malo ndi otsika, osafika mamita 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo kumatentha. Mukakwera phiri pa msewu wa ku Chiponde n'kufika ku Namwera mwakwera kufika pa mamita pafupifupi 900. Maluwa ambiri odula amakonda usiku wozizira wa kumeneko: amakula modekha, phesi limalimba, mtundu umawala. Kumalo otentha duwa lomwelo limathamanga, limatseguka lidakali laling'ono.

Gawani maluwa anu pawiri. Okonda kuzizira ndi snapdragon, statice ndi aster. Fesani pa nazale mu Malichi kapena Epulo, wokerani pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mudzayamba kudula mu Julayi mpaka Sepitembala. Njere za snapdragon n'zazing'ono ngati za fodya ndipo zimafuna kuwala kuti zimere, choncho muziwaze pamwamba, muzipsinje pang'ono ndi chikhatho, osazikwirira. Statice amafuna kuti mbande zake zidutse m'kuzizira; mukamufesa mu Ogasiti adzachita masamba ambiri koma maluwa owerengeka. Okonda kufunda ndi zinnia, marigold, celosia, gomphrena ndi mpendadzuwa, ndipo nyengo yawo ndi kuyambira Ogasiti mpaka Malichi. Gladiolus, wodzalidwa ndi anyezi wake (tsinde lake lozungulira la pansi pa nthaka), amalola nyengo zonse ziwiri kwanuko bola madzi asamadikhe pa bedi.

Rozi ndi carnation zidikire chaka chachiwiri. Zimadya ndalama ndi nthawi musanadziwe msika wanu.

Bedi likhale mita imodzi m'lifupi, kuti mufike pakati popanda kupondapo, ndi mamita 10 m'litali. Nthawi ya dzinja likwezeni masentimita 20. Thirani ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owolerana pa mamita awiri alionse a bedi. Ngati muwonjezera feteleza, D compound wa fodya uja (8:18:15) ndi wabwino kuposa feteleza wa chimanga chifukwa ali ndi potaziyamu wambiri, yemwe amalimbitsa phesi: dzanja limodzi, magalamu 50, pa mita iliyonse. Bedi lotere limalowa zinnia 160 mukatalikitsa masentimita 25, kapena gladiolus pafupifupi 400 mukatalikitsa masentimita 15 ndi kukwirira masentimita 10 mpaka 15.

Chachikulu n'kusadzala zonse tsiku limodzi. Wokongoletsa ukwati amafuna munthu amene ali ndi maluwa Loweruka lililonse, osati amene ali ndi ngolo yodzaza sabata imodzi kenako zii. Dzalani gawo la bedi masabata awiri alionse. Zimenezi zimakutetezaninso ku nyengo yanu yosinthasinthayo: mphepo ikaononga gawo lina, lina likubwera m'mbuyo.

Funso: Zinnia, cosmos ndi chrysanthemum wanga amachita maluwa ali afupi, osafika pa bondo. Wogula akuti mapesi ake sangaime m'botolo. Kodi ndi mbewu yoipa?
Bambo a ku Katuli

Yankho: Nthawi zambiri mbewu ilibe mlandu, Bambo. Maluwa amenewa amawerenga kutalika kwa usiku: usiku ukatalika amasiya kukula n'kuyamba kuchita maluwa. Kuno kwathu usana umatalika maola pafupifupi 11 mu Juni ndi 13 mu Disembala. Zinnia, cosmos ndi celosia wofesedwa mu Meyi amakumana ndi usiku wautali akadali mwana, n'chifukwa chake amachita duwa ali wamfupi. Wofesedwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti amatalika bwino.

Chrysanthemum ndiye wovuta kwambiri, chifukwa kwa iye usiku wa ku Malawi ndi wautali chaka chonse. Olima chrysanthemum wodula amamunamiza ndi nyali. Pachikani mababu, a sola omwewa akwanira, mita imodzi ndi theka pamwamba pa bedi, motalikirana mamita awiri. Yatsani kuyambira 10 koloko usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha kuchokera tsiku lowokera, kwa masabata anayi kapena asanu, mpaka mbewu zitafika masentimita 30 mpaka 40. Mukasiya kuyatsa, maluwa amabwera pakatha masabata 8 mpaka 10. Batire likamathima pakati pa usiku masiku angapo motsatizana, mbewu zina zimayamba maluwa msanga ndipo bedi silikhalanso lofanana.

Njira ina ndi yomwe alimi a fodya akuidziwa kale: kuthena. Zinnia, cosmos kapena marigold akafika masentimita 25, dulani nsonga yake masentimita 8, pamwamba pa masamba awiri oyang'anizana. Mwachedwetsa maluwa masiku 10 mpaka 14, koma m'malo mwa duwa limodzi lalifupi mupeza nthambi zisanu kapena kuposa, zazitali. Podula maluwa dulani mozama, phesi la masentimita 45 kapena kuposa, ngakhale mutaye timitu tina tosatseguka. Wodula mwachifundo pamwamba pokha amapeza nthambi zofupikirafupikira. Mpendadzuwa wa mutu umodzi ndi gladiolus sathenedwa. Mukatero palibe duwa.

Funso: Mwera ukaomba mu Julayi gladiolus ndi snapdragon amagwa, ndipo akadzuka amakhala okhota. Kukachita nkhungu masiku atatu maluwa amachita madontho a bulauni ndi chuku chotuwa.
Wowerenga wa ku Chowe

Yankho: Phesi likagona usiku umodzi wokha, nsonga yake imakhotera kumwamba ndipo siwongokanso. Kuchirikiza kuchitike mbewu zisanagwe. Khomani zikhomo za nsungwi m'mbali zonse za bedi pa mita imodzi ndi theka iliyonse, ndipo lukani chingwe cha khonje mopingasa kuti pakhale timabokosi ta masentimita 15. Ukonde woyamba ukhale masentimita 30 kuchokera pansi, wachiwiri masentimita 60. Gladiolus muundireninso dothi m'tsinde akafika masamba anayi.

Kum'mwera chakum'mawa, komwe mwera umachokera, mangani mpanda wa udzu kapena bango wotalika mamita awiri. Usakhale wothithikana ngati wa bafa. Mpanda wotseka kwambiri umachititsa mphepo kudumpha n'kugwera pa mabedi mozungulirazungulira, pomwe wolowa mphepo pang'ono umaifooketsa pa mtunda wa mamita 15 mpaka 20. Mzere wa nandolo kapena vetiva umagwira ntchito yomweyo kwa zaka.

Chuku chotuwacho chimamera duwa likakhala lonyowa maola ambiri kunja kukuzizira. Thirirani m'mawa, pansi pa tsinde, osati pamwamba pa masamba komanso osati madzulo. Chotsani masamba a m'munsi kuti mphepo idutse. Maluwa odwala ndi ofota musawasiye m'njira za m'dimba; akwirireni. Mukaona kuti kamvula kowaza kayamba ndipo maluwa atsala pang'ono kutseguka, dulani msanga akatsegukire pa mthunzi. Ndipo chepetsani urea: mbewu yonenepa ndi nayitulojeni imakhala yofewa, mphepo ndi chuku zimaipeza mosavuta. CAN wokwana magalamu 20 pa mita, kamodzi, patatha masabata atatu chiwokereni, ndi wokwanira.

Funso: Ndimakhala kufupi ndi Monkey Bay. Ndadzala rozi katatu. Masamba a kunsonga amachita chikasu, mitsempha yokha ndiyo imatsala yobiriwira, ndipo m'mphepete mwake mumapsa. Ndimathirira madzi a pa mjigo. Malo ogona alendo kuno akufuna maluwa a pa tebulo. Ndisiye?
Mayi a ku Monkey Bay

Yankho: Musasiye maluwa, Mayi, koma rozi musiyireni anzanu a kumapiri. Chikasu choyamba kunsonga, mitsempha ili yobiriwira, chimasonyeza kuti mbewu ikulephera kuyamwa ayironi. Ayironiyo m'nthaka alimo, koma dothi ndi madzi zikakhala ndi laimu wambiri mizu singamutenge. Kupsa kwa m'mphepete ndi mchere. Mijigo ina ya m'chigwa imatulutsa madzi a mchere, ndipo mudzaona kachipale koyera pamwamba pa bedi pakauma. M'dothi lotere musathire phulusa, kapena manyowa osakaniza ndi phulusa lambiri, chifukwa mukuwonjezera vutolo. Thirani manyowa a masamba owolerana, phimbirani ndi udzu wokhuthala masentimita 5 mpaka 8, ndipo kamodzi pa masabata awiri thirirani mowirikiza kuti mchere utsike kupitirira mizu.

Maluwa a kunyanja alipo, ndipo amakhalitsa pa tebulo: gomphrena, celosia, zinnia, marigold wamtali, mpendadzuwa ndi tuberose wonunkhira uja. Gomphrena ndi celosia amatha sabata ndi theka m'madzi ndipo amaumitsidwa osataya mtundu. Nyengo yanu yabwino ndi Epulo mpaka Sepitembala. Bedi la mamita 10 pa dothi la mchenga limafuna makheni atatu kapena anayi a malita 10 pa tsiku mu Juni, koma asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu mu Okutobala, theka m'mawa theka chakumadzulo. Ngati madzi amenewo simungawapeze mu Okutobala ndi Novembala, pumitsani mabedi ena osati kuwamana onse.

Bougainvillea wa m'mipanda, ngakhale ndi wokongola chotani, amafota tsiku lomwelo akadulidwa. Musamulonjeze kwa wogula.

Funso: Ndimadula maluwa abwinobwino, koma pofika nawo ku boma pa kabaza wa njinga yamoto amakhala atazyolika. Wogula wina anandibwezera ndowa yonse.
Mtsikana wa ku Namwera

Yankho: Chemwali, apa ndi pomwe alimi ambiri amatayira phindu, ndiye tifotokoze mwatsatanetsatane. Duwa lodulidwa limafa ndi zinthu zitatu: ludzu, kutentha ndi tizilombo tosaoneka totseka timitsempha ta m'phesi momwe madzi amakwerera.

Yambani ndi ndowa. Ikhale ya maluwa okha, yotsukidwa ndi sopo ndi Jik pang'ono nthawi iliyonse, yoyera moti mungamweremo. Pitani nayo kudimba ili ndi madzi. Dulani m'mamawa mame atangouma, dzuwa lisanakwere, ndi mpeni wakuthwa, ndipo phesi lilowe m'madzi pompo, osati kuunjika maluwa pa mkono mpaka mumalize bedi. Phesi likakhala pa mphepo limayamwa mpweya, mpweyawo n'kutsekereza madzi. Pululani masamba onse amene angamire, chifukwa ndiwo amawola n'kununkhitsa madzi.

Duwa lililonse lili ndi msinkhu wake wodulira. Gladiolus: timaluwa tiwiri ta m'munsi tikangoonetsa mtundu, tisanatseguke; siyani masamba anayi pa mbewu kuti anyezi wake akule. Mpendadzuwa: timasamba tachikasu tikangoyamba kudzuka pa nkhope yake. Snapdragon: gawo limodzi mwa magawo atatu a m'munsi likatseguka. Statice ndi gomphrena: atatseguka bwino. Zinnia satsegukanso akadulidwa, choncho muyeseni: gwirani phesi masentimita 20 pansi pa duwa n'kugwedeza. Mutu ukamawerama uku ndi uku, sanakhwime ndipo adzazyolika. Phesi likaima njo, dulani.

Mukafika pa mthunzi dulaninso masentimita awiri kunsi kwa phesi lililonse ndipo muwaike m'madzi okonzedwa chonchi: pa lita imodzi ya madzi oyera, masupuni ang'onoang'ono awiri a shuga, awiri a madzi a mandimu, ndi kota ya supuni yaing'ono ya Jik. Shuga ndi chakudya, mandimu amathandiza madzi kukwera, Jik amapha tizilombo. Thirani chilichonse pachokha m'madzi ambiriwo. Musasakanize Jik ndi mandimu pazokha m'kapu, zimatulutsa mpweya woipa. Shuga wopanda Jik amangodyetsa tizilombo, ndipo n'kwabwino madzi okha kusiyana ndi kutero. Asiyeni maluwa amwe maola anayi kapena usiku wonse m'chipinda chozizira, cha mdima. Ndi bwino kudula dzulo lake n'kunyamuka m'bandakucha kusiyana ndi kudula ndi kunyamuka nthawi yomweyo.

Chipindacho musasungemo nthochi, mango kapena matimati akupsa, ndipo utsi usafikemo. Zipatso zakupsa ndi utsi zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, womwe umayoyola snapdragon ndi kutseka carnation usiku umodzi. Pa chifukwa chomwecho musakweze maluwa pamodzi ndi madengu a matimati. Kachipinda ka makala, kokhala ndi makoma a waya wa nkhuku odzaza makala onyowetsedwa, kamatsitsa kutentha ndithu m'miyezi youma. Zinnia ndi celosia musawaike m'firiji. Kuzizira kwambiri kumawadetsa.

Pa ulendo, maluwa aime chilili m'ndowa yakuya yokhala ndi madzi masentimita 10, atamangidwa khumikhumi, mitu itakulungidwa ndi nyuzipepala youma. Gladiolus ndi snapdragon akagona amakhota. Chimene chimapha maluwa pa njinga yamoto ndi mphepo ya liwiro, yomwe imaumitsa ngati moto. Zungulizani ndowayo ndi katoni yotalika kuposa maluwa, phimbani pamwamba ndi chitenje chonyowa chosakhudza mitu yake, ndipo mukhale mutatsika phiri 7 koloko isanakwane. Wogula muuzeni kuti azisintha madzi masiku awiri alionse ndi kudulako kunsi.

Funso: Ndikufuna maluwa akhale okonzeka pa Tsiku la Anakubala. Ndiwerengere bwanji?
Bambo a ku Mangochi boma

Yankho: Tsikuli ndi 15 Okutobala, pakati pa chilimwe, ndipo muwerengere chobwerera m'mbuyo. Gladiolus amatenga masiku 70 mpaka 100 malinga ndi mtundu ndi kukula kwa anyezi wake: dzalani katatu, pa 10, 20 ndi 30 Julayi. Anyezi wongokumbidwa kumene amagona miyezi iwiri kapena itatu asanamere, choncho dzalani amene wayamba kuonetsa kamphukira. Zinnia wothenedwa amafuna masiku 75 mpaka 85: fesani kumapeto kwa Julayi, ndipo akayamba amapitiriza kubereka. Mpendadzuwa wa maluwa amafuna masiku 55 mpaka 70: fesani pa 5, 12 ndi 19 Ogasiti, motalikitsa masentimita 15 okha kuti mitu ikhale yaing'ono yokwana m'manja. Funani mtundu wopanda mungu, chifukwa mpendadzuwa wa mafuta amadetsa nsalu za pa tebulo. Kumapiri onjezerani sabata imodzi pa masiku onsewa, popeza Ogasiti amakhala akuzizirabe.

Lembani m'kope tsiku lofesa ndi tsiku loyamba kudula pa bedi lililonse. Pofika chaka chamawa kope lanulo lidzakuuzani zolondola kuposa zolembedwa pa paketi.

Funso: Dimba langa lili pafupi ndi madzi ndipo sindikufuna mankhwala a m'sitolo. Nsabwe ndi timakangaude tofiira tandivuta, ndipo mizu ya aster ili ndi timfundo.
Wowerenga wa ku Malindi

Yankho: Nimu ali paliponse kwanuko. Sinjani njere zouma zochotsa makoko magalamu 40, nyikani mu lita imodzi ya madzi usiku wonse, sefani ndi kansalu, onjezerani kasopo pang'ono, ndipo poperani madzulo njuchi zitachoka, makamaka kunsi kwa masamba. Bwerezani pakatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Nimu sapha nthawi yomweyo. Amaletsa tizilombo kudya ndi kuswana, ndiye muyambe tidakali tochepa. Musapopere pa duwa lotseguka, limachita mawanga. Timakangaude timakonda fumbi ndi kutentha kwa Sepitembala ndi Okutobala, ndipo kuwaza madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba m'mawa kawiri pa sabata kumatichepetsa.

Ombwe amaphadi tizilombo, koma amaphanso nsomba. Pafupi ndi nyanja, Shire kapena Malombe musamugwiritse ntchito, ndipo chopopera musatsukire m'madzi oyenda.

Timfundo ta m'mizu timabwera ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timakonda dothi la mchenga, makamaka pomwe panali matimati, therere kapena fodya. Zulani mbewu zodwala ndi mizu yomwe n'kuzitentha. Dzalani marigold wothithikana pa bedi lonselo kwa miyezi itatu, mukugulitsa maluwa ake, kenako mukwirire zotsalira. Marigold mmodzimmodzi wa m'mphepete sathandiza. Aster asabwerere pa bedi lomwelo zaka zitatu.

Funso: Ndimakonza nkhata ndi maluwa a pa guwa. Siponji yobiriwira yobayapo maluwa ija ndi yodula ndipo imangophwanyika. Pali china?
Mayi a chigwirizano, Mangochi

Yankho: Siponjiyo ndi pulasitiki, Mayi; siwola, imangonyenyeka n'kupita ndi madzi. Pa maluwa a pa guwa, pindani waya wa nkhuku ngati mpira, muulowetse m'mphika kapena m'beseni laling'ono, mumange pamwamba ndi chingwe mopingasa kuti usasunthe, n'kudzaza madzi. Mapesi amaima m'timabowo ta wayayo, amamwa bwino kuposa m'siponji, ndipo waya yemweyo adzakutumikirani zaka.

Pa nkhata, pindani nsungwi yong'ambidwa kapena nthambi yofewa kukhala mkombero wa masentimita 35 mpaka 40, kulungani udzu wonyowa wokhuthala ngati mkono, ndipo mangani ndi mlaza. Yambani ndi masamba: bulugamu wamng'ono wotuwa kapena katsitsimzukwa, womwetsedwa madzi usiku wonse, chifukwa nsonga zanthete zimafota msanga. Kenako mangani maluwa atatuatatu a mapesi a masentimita 10, onse oloza mbali imodzi, gulu lililonse likubisa chomangira cha linzake. Sankhani olimba popanda madzi: statice, gomphrena, marigold, celosia ndi chrysanthemum. Zinnia ndi cosmos safika madzulo. Nkhata ikatha iwazeni madzi, muifunditse nsalu yonyowa pa simenti yozizira mpaka nthawi yonyamuka.

Pokulunga maluwa a m'manja kumbukirani kuti mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) ndi oletsedwa ndi malamulo a 2015, omwe Khoti Lalikulu la Apilo linawavomereza mu 2019. Tsamba la nthochi lowambidwa pang'ono pa moto limafewa osang'ambika. Kulungani kunsi kwa mapesi ndi nyuzipepala yonyowa, kutirani tsambalo pamwamba pake, ndipo mangani kawiri ndi mlaza: pakhosi pa maluwa ndi kunsi kwenikweni.